Likongwe ndi Chipala cha M'mbali mwa Njira

Padangokhala, inu muli apo muzindivomera, kale lija nyama zikadalima minda ndi makasu.

M'dziko la Mfumu Nyalugwe munali wosula zitsulo mmodzi yekha, a Njiri. Khasu lililonse, nkhwangwa iliyonse, ngakhale kampeni kosendera maungu, zonse zinkachokera m'manja mwa mkuluyu. Chipala chawo, kumene ankasulirako, chinali m'kati mwa mpanda wautali wa bango. Mafumu akale, poopa kuti nyama zikadziwa kusula zidzayamba kusulirana mikondo, anasiya lamulo lakuti wolowa m'chipala kapena wofunsa za kasulidwe adulidwe mchira, ndipo wosula akaphunzitsa wina apirikitsidwe m'dziko.

Tsono a Njiri anakalamba. Nyundo inayamba kuwalemera, makasu n'kuchepa. Wogawa makasu ochepawo anali Nyani, nduna ya mfumu. Iyeyu ankayambira abale ake, kenako omuwombera m'manja mokweza, otsalawo n'kuwauza za chaka chamawa.

Mwa otsalawo munali Likongwe, mayi wamasiye wa ana odzaza mphasa. Khasu lake linali litatha mpaka kufanana ndi chipande. Mvula ya chizimalupsa itagwa, analitenga n'kupita nalo kwa Nyani.

"Zikomo anduna. Khasu langa ndi ili. Ndizilimira kapena ndizipakulira ndiwo?"

"Mubwere chaka chamawa, mayi," anatero Nyani osaliyang'ana n'komwe.

"Nanga ana adya chiyani chaka chino?"

"Zikhadabo muli nazo. Kandani pansi."

Likongwe anabwerera mtima uli phuliphuli. Akudutsa pafupi ndi mpanda wa chipala, anaona a Njiri akutuluka ndi chikho kupita kuchitsime. M'njira momwemo munkabwera Gologolo, khasu lili paphewa. A Njiri atangoliona khasulo, anaima nji.

"Iwe Gologolo, wakuzikira khasu limeneli mumpini ndani?"

"Ndazika ndekha, agogo."

"Wazika ndi maso kapena ndi mchira? Bowo la mpini amaboola chopendeka, kuti khasu liziluma nthaka. Ili lingomakanda pamwamba ngati nkhuku. Bwera nalo kuno!"

Pompo mkuluyo anatula chikho, n'kulikonza khasulo uku akukalipa, Gologolo ali maso tong'o. Likongwe anaima kuseri kwa chitsamba n'kumaonerera. Mkwiyo wake unayamba kuzilala, m'malo mwake munalowa kaphwete.

"Hoo," anadzilankhulira, "mkuluyu ukamufunsa amatseka pakamwa, koma akaona ntchito yokhota pakamwa pamatseguka pokha."

M'mawa mwake anaitana Gologolo, wamanja opepuka, ndi Chiuli, wamapewa otakata amene naye analibe khasu. Anatolera zidutswa za makasu akutha m'mudzi monse, n'kukaziunjika m'mbali mwa njira ya kuchitsime.

"Mayi, mukufuna kutidulitsa michira," anatero Chiuli.

"Lamulo likuti chiyani? Osalowa, osafunsa. Talowa?"

"Ayi."

"Tafunsa?"

"Ayi. Koma tidziwa bwanji kusula osafunsa?"

"Tizilakwitsa," anayankha Likongwe. "Ndipo tizilakwitsa mokweza."

Anasonkha moto wa mapesi ndi nkhuni zaziwisi, n'kuponyapo chidutswa cha khasu. Utsi unangoti tolotolo. Atatuwo anagona chafufumimba n'kumapemerera ndi pakamwa, misozi ili chuchuchu. Ataona a Njiri akutulukira poteropo, Likongwe anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yodzitama, yonena kuti kwabadwa chipala chatsopano kumene chitsulo chimafewa chikangomva dzina la mwini wake, ndi kuti akuluakulu a m'mipanda akapume. Iye ankatsogolera ndi mawu okwera, anzake n'kumavomera ndi kamawu kamodzi kokoka, kamene kankathera m'chifuwa chifukwa cha utsi.

A Njiri anadutsa ngati sakumva. Anayenda pang'ono, n'kuima. Anayendanso, n'kuimanso. Kenako anatembenuka.

"Utsi wonsewu mukuwamba nsomba?"

"Tikusula, agogo," anatero Likongwe mokoma. "Taonani, latsala pang'ono kufewa."

"Kufewa! Mapesi anafewetsapo chitsulo kuti? Makala, mbuli inu! Makala a mtengo wolimba ngati tsanya, ootcha mokwirira ndi dothi kuti mtengo upse wopanda malawi!"

Mawuwo atangotuluka, mkuluyo anagwira pakamwa, n'kuyang'ana uku ndi uku, ulendo wa kuchitsime chothamanga.

Gologolo anafuna kuthamangira kukadula tsanya yekhayekha, koma Likongwe anamugwira mkono.

"Udule tsanya, udulenso mtengo wofewa. Tiotche padera, tione."

"Si anena kale kuti tsanya?"

"Anena, ndipo makutu anga amva. Maso anga sanaone."

Anaotcha makala a mitundu yonse iwiri, n'kusonkha moto uwiri moyandikana. Makala a mtengo wofewa anayaka msanga n'kusanduka phulusa chitsulo chikadali chakuda. A tsanya anachedwa kugwira moto, koma atagwira anakhalitsa, mpaka chitsulo chinayamba kufiira m'mbali. Chiuli anachimenya ndi mwala, chinangoti mphwi pang'ono. Atatuwo anayang'anana.

"Chamva," anatero Chiuli monong'ona. "Mayi, chamva!"

"Chamva, koma sichinagonje. Motowu ukusowa mphepo."

Tsiku lina m'mawa Likongwe anabwera ndi lichero, n'kuyamba kukupiza moto. Phulusa linangoti fuu, kumaso kwa onse. Nyimbo ija inayambanso, tsopano itaonjezeredwa ndime yotamanda lichero, yoti ndilo mfumu ya mphepo zonse. A Njiri anali atasintha njira kuti asadutsenso pamenepo, koma nyimbo inawalondola komweko. Anapirira mpaka pachitsime. Pobwerera miyendo inawatengera yokha pamoto paja.

"Kodi moto amaupeta?"

"Ndiye kusula kwamakono kumeneku, agogo."

"Kwamakono! Mphepo yomwazika imauluza phulusa basi. Mphepo amaipanikiza m'thumba la chikopa, ituluke pa kabowo kamodzi, idutse mu mlomo wa dongo, ikalowe pansi pa makala. Mvukuto! Ngakhale dzina lake simulidziwa?"

Anagwiranso pakamwa, n'kuchoka akung'ung'udza. Sanaone kuti mumtengo wa pamwamba pawo munali mutakhala Nyani, amene utsi ndi nyimbo zinamuitana, khutu lili tcheru. Kuyambira tsikulo Nyani sankasowa mumtengomo.

Zikopa Likongwe anakatola kudzala la kukhitchini ya mfumu, ndipo palibe anafunsa kuti zinali za yani. Gologolo anasoka thumba. Likongwe anaumba mlomo wa dongo, n'kuuyanika padzuwa kuti uume msanga. Anaulumikiza ku thumba, nsonga yake n'kuikwirira m'makala. Gologolo atakanikiza thumba, moto unabangula. Onse anakuwa ndi chimwemwe. Koma chimwemwecho chisanathe, mlomo uja unangoti phuu! Zidutswa zamoto zinamwazika. China chinamutema Chiuli pamphuno, china chinamatirira Likongwe pamkono mpaka ubweya kununkha.

Uku sikunali kulakwitsa kwadala. Likongwe anayesa kuyambitsa nyimbo, koma a Njiri sanabwere. Tsiku limenelo msana unali utawagoneka.

"Ine basi," anatero Chiuli akupukuta magazi. "Bola kukanda ndi zikhadabo."

"Khala pansi, Chiuli. Mlomowu waphulika chifukwa chiyani?"

"Ndidziwa bwanji? Mwini yankho sanabwere."

Likongwe anatola chidutswa chimodzi n'kuchinyema. Kunja chinali chouma gwa, koma m'kati munali mukadali chinyezi. Anakumbukira mmene amayi ake ankaumbira miphika: ankasakaniza dongo ndi mapale osinja, n'kuyanika pamthunzi, osathamangira.

"Dzuwa laumitsa khungu lokha," anatero. "Madzi otsala m'katimu atatentha anasowa potulukira. Tiumbe milomo ingapo. Wina wa dongo lokha, wina wothira mchenga, wina wothira mapale. Yonse iume pamthunzi. Moto ndiwo usankhe."

Chiuli ananyamuka kukafuna mapale. Milomo itauma anaiika pamoto umodziumodzi. Wa dongo lokha unang'aluka. Wa mchenga unafumbutuka kunsonga. Wa mapale unafiira psuu, koma osagwedezeka.

Vuto lina linatulukira pa mvukuto. Gologolo akakweza thumba kuti limwe mphepo, moto unkazilala, akakanikiza, n'kudzuka. Chitsulo chinkangoti chafiira, chada, chafiira, chada. Gologolo anatopa, n'kukhala pansi akuyang'ana kumudzi, kumene amayi awiri ankasinja mumtondo umodzi, munsi wina ukutsika wina ukukwera.

"Mayi," anatero mwadzidzidzi, "bwanji matumba akhale awiri? Lina likamamwa, lina lizilavula."

Likongwe anamuyang'ana, n'kumuwombera m'manja ngati akulonjera mfumu. Anasoka thumba lachiwiri, onse awiri n'kuwalozetsa mu mlomo umodzi. Tsopano moto sunapumenso. Unkalira mosadukiza, makala n'kuyera mbee pakati.

Msana wa a Njiri utapola, Likongwe anauza Chiuli kuti atenge chitsulo chozizira, achiike pamwala, azichimenya ndi nyundo ya mwala ndi mphamvu zake zonse. Phokoso lake linali logonthetsa m'kutu. Nyimbo inabweranso, ndime yatsopano ikunena kuti wosula weniweni sataya nthawi kudikira moto. Mavume a nyimbo tsopano ankagwera limodzi ndi nyundo, moti ngakhale odutsa m'njira ankapezeka akuvomera.

Ulendo uno a Njiri sanadutse n'komwe. Anabwera chothamanga, chikho atachitaya m'njira.

"Lekani! Mukupha chitsulo! Bwezerani pamoto!"

"Chifiire bwanji poti chafiira kale dzulo?" anatero Likongwe, akuyang'ana Chiuli kuti lisaoneke funso lopita kwa mkuluyo.

"Dzulo! Chidikire mpaka chifanane ndi m'kati mwa dzungu lakupsa. Chikayamba kuthetheka nyenyezi, wachipsereza. Icho! Tsopano! Chotsa! Menya pakati, uzipita m'mbali. Osati choncho, iwe, sukuphwanya chulu! Dzanja lizigwa lokha."

Osazindikira, mkuluyo anali atagwira mkono wa Chiuli n'kumautsogolera. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, akukalipa, thukuta lili kamukamu, maso akuwala ngati a mwana. Khasu la tsikulo linatuluka lopindika ngati khutu. La mawa lake Chiuli analiviika lonse m'madzi likadali lofiira, n'kusweka pakati. Lina linapyapyala mbali imodzi. Likongwe sankataya ngakhale limodzi. Lililonse ankalitembenuza, atatuwo n'kukambirana chimene chalakwika, kenako n'kuliponya m'dengu. Nayenso ankagwira nyundo, Chiuli n'kupita ku mvukuto, Gologolo n'kumayang'anira mtundu wa chitsulo, kuti pasakhale wodziwa mbali imodzi yokha.

Dengu litadzaza, linatuluka khasu lenileni. Likongwe analizika mumpini, n'kulitema pansi. Linaluma nthaka n'kuigadabuza. Asanamalize kululuta, Nyani anatsika mumtengo n'kuitana asilikali a mfumu, onse n'kuwatengera kubwalo, a Njiri omwe, mvukuto, nyundo ndi dengu lomwe.

Mfumu Nyalugwe inali yokonda mlandu wokoma kuposa nyama yonona. Inakhala pampando n'kupinda miyendo.

"Gogo Chalo," anayamba Nyani, "ine ndinali mumtengo. Za mvukuto, za mtundu wa chitsulo, za kamenyedwe, zonse a Njiri anaulula. Za makala ndinamva atatuwa akubwereza. Palibe liwu linandidutsa."

"Likongwe," inatero mfumu, "unalowa m'chipala?"

"Sindinapondeko, Gogo Chalo."

"Unafunsa?"

"Eni ake ali pompa."

A Njiri anapukusa mutu. "Sanandifunse kanthu. Ndinkalankhula ndekha."

"Ndiye michira ya atatuwa yapulumuka," inatero mfumu. "Koma inu a Njiri mwaphunzitsa, ndipo lamulo mukulidziwa. Dzuwa la mawa lisakupezeni m'dziko langa."

Mkuluyo sanatsutse. Anangowerama, manja okalamba aja ali lende. Likongwe anawayang'ana a Njiri. Masiku onsewa ankangoganiza za michira ndi za ana ake. Sanaganizepo kuti msampha wake udzagwira nkhalamba imene inataya chikho chake m'njira pothamangira kudzapulumutsa chitsulo cha eni. Anayang'ana Nyani, anayang'ana mvukuto, n'kugwada.

"Gogo Chalo, mundilole ndiwafunse anduna kanthu. Si za kasulidwe ayi."

"Funsa."

"Anduna, mwati mawu onse a mkuluyu munawamva?"

"Onse. Ngakhale ena amene inu munkaphonya chifukwa chotsokomola."

"Mukuwakumbukira?"

Nyani anatukumula chifuwa n'kuwalakatula onse, kuyambira makala a tsanya mpaka dzungu lakupsa, osaphonya ndi limodzi lomwe. Bwalo linawomba m'manja.

"Mwamva, Gogo Chalo," anatero Likongwe. "Zonse zimene ife tinamva, anduna anamvanso. Ngati mawu amenewa ndiwo maphunziro, ndiye kuti nawonso aphunzira. Makala awo, nyundo iyo. Atisulire khasu. Likatuluka, a Njiri anaphunzitsadi, apite."

Maso a mfumu anawala. "Nyani, moto uwo."

Nyani sanaope, poti mawu anali nawo. Anagwira matumba a mvukuto n'kuwakanikiza onse nthawi imodzi, phulusa lonse n'kumuthira kumaso. Atapeza kavukutidwe, anaiwala kuyang'ana chitsulo, mpaka chinayamba kuthetheka nyenyezi. Anachichotsa mothamanga, n'kuyamba kufunafuna nyundo; pomwe ankaipeza chinali chitada. Anamenya ndithu. Nyundo inadumpha n'kumugwera pachala. Ndi ululuwo anabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi, osaona kuti pamenepo ndi pomwe anaika chopanira chamoto. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kuchitsime, ndipo ubweya wa pamalo pamenepo sunamerenso.

Mfumu inaseka mpaka kugwira nthiti. Itapuma inati, "Chabwino. Mawu a Njiri sanaphunzitse Nyani, ndiye sindinganene kuti anaphunzitsa iwe. Nanga wakuphunzitsa ndani?"

Likongwe anakhuthula dengu pakati pa bwalo. Makasu opindika, osweka, opsa, milomo ya dongo yong'aluka, zonse zinangoti yoyoyo. Anaonetsa chipsera cha pamkono pake ndi bala la pamphuno pa Chiuli.

"Aphunzitsi athu ndi awa, Gogo Chalo. Ili linatiuza kuti tachedwa kumenya. Ili linatiuza kuti tafulumira kuviika m'madzi. A Njiri amangotikalipira, ndipo kukalipa kwawo sindingakusinthanitse ndi nkhokwe yodzaza, chifukwa kumatilozera poyang'ana. Koma kuyang'anako, kugwirako, kupsako, palibe angakuchitire wina. Ngati pali woti apirikitsidwe, pirikitsani dengu ili."

Mfumu inatola khasu labwino lija, n'kulitembenuza, n'kulitema pansi. Kuseka kunatha pankhope pake.

"Mvula ili pakhomo, ndipo theka la dziko langa lilibe makasu. Koma lamulo la makolo sindingalithyole."

"Musalithyole, Gogo Chalo. Lisiyeni momwe lilili. Gwetsani mpanda wokha. Chipala chopanda mpanda palibe angalowemo. Kufunsa, palibe adzafunse, poti mkuluyu amayankha asanafunsidwe. Kuphunzitsa, mwaona nokha kuti saphunzitsa."

"Nanga mikondo imene makolo ankaopa?"

"Chosulidwa pamtetete aliyense amachiona chikubadwa. Wofuna mkondo ndiye amafuna mpanda."

Mfumu inamuyang'ana nthawi yaitali mayi wamng'onoyo, kenako inatembenukira kwa asilikali. "Kagwetseni mpanda. Bango lake musataye, muziumbirapo milomo ya dongo kuti izikhala ndi bowo. A Njiri, khalani. Muzikalipa mmene mungathere."

Sabata imeneyo m'mbali mwa njira ya kuchitsime munayaka moto wambirimbiri. Nungu, Mbira, Fulu ndi ana awo, aliyense anali ndi kake koononga. Likongwe, Gologolo ndi Chiuli ankayenda pakati pawo, osawalanda nyundo, koma kungowafunsa kuti, "Waona chiyani? Ukuganiza kuti chalakwika n'chiyani? Tayesanso." Nyimbo ija inasanduka ya onse, ndipo ndime zake zodzitama anazisintha kukhala zotamanda nkhalamba yokalipa. Ngakhale Nyani anabwera, n'kumavukuta ali chiimire.

A Njiri atafika pamoto wa Gologolo anaima nthawi yaitali akuyang'ana matumba awiri aja, lina likukwera lina likutsika.

"Moyo wanga wonse ndavukuta ndi thumba limodzi," anatero pang'onopang'ono. "Tasuntha, mwanawe. Dzanja liti limayamba?"

Gologolo anawagwira manja n'kuwaonetsa.

Likongwe anaunga mizere m'munda mwake mvula yodzalira isanagwe. Madzulo ake anatenga khasu limene anasula yekha kuyambira pamoto mpaka pampini, n'kukalipereka m'manja mwa a Njiri. Mkuluyo analiyang'ana kutsogolo, analiyang'ana kumbuyo. Analigogoda ndi chala n'kumvetsera kulira kwake. Anafunafuna pokalipira, osapapeza. Maso analengeza misozi.

"Mpini wake ngwonyansa," anatero potsiriza.

"Zikomo, agogo," anayankha Likongwe, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

Masiku otsala a moyo wawo a Njiri anathera poyenda moto ndi moto, akugwada apa, kugwada apo, kusuzumira m'makala a ophunzira kuti aone ngati chitsulo chafika. Anagwada mpaka maondo anachita zikang'a, ndipo zidzukulu zawo zinatengera. Mukadzaona njiri itagwada mphuno ili pansi, musaidodometse.

Moto wa nthano yanga wazimira pamenepa. Wofuna wina akaotche makala ake.